KALEMBEDWE KA KAPEPALA KA MTENGO POGULITSA ZINTHU ZAKALE

Nkhani yokambidwa pa wailesi ndi mlangizi wa zamalimidwe, kwa alimi ndi mafumu a m'midzi.

Lero tikambe za malonda a mtundu wina, osati a mbeu zakumunda iai. Nyengo ya chilimwe, pamene nchito yachepa, anthu ambiri amatola zinthu zakale za m'nyumba mwao, monga simbi ya makala, nyali, mtsuko, khasu losula, mpando wosema ndi makobidi akale, nakazisiya pa mabenchi a ogulitsa ziboliboli m'mbali mwa miseu, m'matauni ndi kunyanja. Amatero kuti apeze ndalama za feteleza ndi za sukulu ya ana. Koma ambiri amabwerako ndi ndalama zochepa ndi madandaulo ochuluka. Chifukwa chimodzi chachikulu n'chakuti amasiya katundu wao wopanda kapepala ka mtengo, kapena ndi kapepala kolembedwa mosasamala.

KAPEPALA KAMALANKHULA M'MALO MWANU

Inu olima fodya mukudziwa m'mene belo limayendera. Chiyambire okushoni ku Limbe mu 1938, mlimi saima pambali pa belo lake kumauza wogula ali yense kuti fodya uyu ndi wanga ndipo akulemera mwakuti. Tikiti ya pa belo ndiyo imanena nambala ya mlimi ndi kulemera kwa fodyayo. Tikiti ikalakwika, ndalama zimasokera.

Malonda a zinthu zakale amayenda chimodzi-modzi. Ku America ndi ku Mangalande kuli nyumba zazikulu zogawidwa m'tizipinda, ndipo wamalonda ali yense amachita lendi kachipinda kake, naikamo katundu, iye n'kubwerera kwao. Wogula akakonda chinthu amachinyamula kupita nacho kwa kalaliki amene ali pakhomo, ndipo kalalikiyo amawerenga kapepala kuti adziwe mtengo ndi mwini wake wa ndalamazo. Chinthu chopanda kapepala chimabwezedwa pa alumali osagulidwa.

Inunso mukasiya simbi yanu pa benchi ya munthu wina ku Lilongwe, ku Liwonde kapena ku Senga Bay, mumabwerera kumudzi kukasamala dimba. Wogulitsayo ali ndi katundu wa anthu ambiri, sangakumbukire mbiri ya chinthu chiri chonse. Mlendo wina amachita manyazi kufunsa mtengo, amangoyang'ana napitirira. Tsono kapepala ndiko kamene kamatsala kulankhula m'malo mwanu. Kakanena zoona ndi zomveka, kamakugulitsirani. Kakanama, kamakuchititsani manyazi inu mulibe.

ZINTHU ZISANU NDI CHIMODZI ZOYENERA KULEMBEDWA

Choyamba ndi chizindikiro cha mwini. Sankhani chilembo chimodzi kapena ziwiri za dzina lanu, ndipo chinthu chiri chonse chikhale ndi nambala yake-yake: B-1, B-2, B-3, kumangopitirira. Nambala imodzi isagwire zinthu ziwiri.

Chachiwiri ndi dzina la chinthucho ndi chimene chinapangidwa nacho. Musangolemba kuti "chakale". Lembani kuti "mtondo wa mlombwa", "mtsuko wadothi", "khasu losula". Dzina limathandiza wogula, komanso limatchinga wakuba amene amasinthanitsa timapepala, kuchotsa ka chinthu chotsika mtengo n'kukamangirira pa chinthu chokwera. Kapepala kolembedwa "chipande" sikangagwire nchito pa ng'oma.

Chachitatu ndi zaka zake, monga m'mene mukudziwira. Chachinai ndi kumene chinachokera: boma ndi mudzi, ndi nchito imene chinkagwira. Mau ochepa okha, monga akuti "ankasuliramo mowa wa maliro" kapena "anabwera nacho agogo pochokera ku Joni", amasiyanitsa chinthu chanu ndi zinzake makumi awiri zofanana nacho.

Chachisanu ndi chilema chake. Ngati chiri ndi mng'alu, dzimbiri, malo ofumbwa kapena mbali yosinthidwa, lembani. Chachisanu ndi chimodzi ndiwo mtengo, m'manambala akulu oonekera patali, ndi m'mau pansi pake.

Nachi chitsanzo cha kapepala kolembedwa bwino:

B-7
Simbi ya makala, yachitsulo, chogwirira chathabwa
Inagulidwa cha m'ma 1950, yachokera ku Dedza
Chotsekera n'cholimba, chogwirira chinasinthidwa
K30,000
Makwacha zikwi makumi atatu

Onani kuti mau ake ndi ochepa. Kapepala si kalata. Mau otama monga akuti "chokongola zedi" kapena "chosowa pa dziko lonse" asiyeni, pakuti wogula ali ndi maso ake. Iye akufuna zimene maso sangamuuze. Ngati ogula ambiri pamalopo ndi alendo a maiko ena, pemphani mphunzitsi kapena mwana wa sukulu alembe mau omwewo m'Chizungu kuseri kwa kapepala, koma dzina lathu la chinthucho lisachotsedwe, chifukwa alendo amalikonda ndipo amalifunsa.

ZAKA: APA NDIPO PAMAGONA BODZA

Amalonda a zinthu zakale m'maiko ambiri amamvana kuti chinthu chimatchedwa chamakedzana chikakwanitsa zaka 100. Chotero gawani katundu wanu patatu. Pali chamakedzana chenicheni, cha zaka 100 kapena kuposa. Pali chakale ndithu koma chosafika pamenepo, monga cha m'nthawi ya makolo athu ndi agogo. Ndipo pali chatsopano chopangidwa mwa luso lakale. Gulu liri lonse liri ndi ogula ake, koma kapepala kanene gulu loona.

Kodi zaka tingazidziwe bwanji? Zinthu zina zimadzinenera zokha. Ndalama yachitsulo iri ndi chaka chake. Makobidi a Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, aja a chiboo pakati ndi njobvu ziwiri, anayamba kutuluka mu 1955. Ndalama zoyamba za Malawi ndi za mu 1964: sikisi ali ndi tambala ndipo sheleni iri ndi chimanga. Kwacha ndi tambala zinayamba mu 1971, makwacha awiri kulowa m'malo mwa paundi imodzi. Makina osokera a Singer ali ndi nambala yodindidwa pa chitsulo chake, ndipo odziwa amapeza nayo chaka chimene makinawo anapangidwa. Koperani nambala imeneyo pa kapepala mosalakwitsa. Wailesi ija yozungulira ngati sefuliya, yotchedwa Saucepan Special, ya kampani ya Ever Ready, inayamba kugulitsidwa mu 1949 ku Northern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zambia. Munthu wolemba kuti yake ndi ya mu 1930 wadziulula yekha pamaso pa wogula wodziwa.

Zinthu zopangidwa m'mudzi ziribe nambala. Pamenepo funsani akulu-akulu, pakuti safunsa anadya phula. Musawafunse chaka, koma afunseni kuti chinthucho chinabwera m'nyumba nthawi ya chiani. Nkhondo ya Chilembwe inali mu 1915. Nkhondo yaikulu yachiwiri inali kuyambira 1939 mpaka 1945. Napolo anaononga ku Zomba mu 1946. Njala yaikulu ija inali mu 1949. Chitaganya chinali kuyambira 1953 mpaka 1963, ndipo ufulu tinalandira mu 1964. Agogo akati, "Mtondo uwu ndinaupeza kale pamene ndinkakwatiwa, njala isanagwe," lembani kuti "unalipo kale 1949 isanafike". Ngati palibe wokumbukira, lembani kuti "zaka sizidziwika". Mau amenewa sachotsa mtengo monga m'mene bodza limachotsera likagwidwa.

Alipo ena amene amasema chinthu lero, nachipachika pa utsi, nachikwirira m'matope kapena kuchipaka polishi ya nsapato, kenaka n'kulemba kuti ndi cha makolo. Ogula odziwa amayang'ana kunsi ndi m'kati, amanunkhiza, amaona ngati kutha kwake kuli pamalo pamene dzanja limagwira. Akapeza chinyengo pa benchi imodzi amauza anzao, ndipo mzere wonse wa mabenchi umataya malonda. Nsomba imodzi ikaola, zonse zaola.

Inu amisiri osema, palibe chifukwa chobisira kuti nchito yanu ndi yatsopano. Ku Mua, malo a luso a KuNgoni amene anayambitsidwa mu 1976 ndi Bambo Claude Boucher anatchuka ndi zosema zatsopano, zosanamizira ukale. Lembani dzina lanu, mudzi wanu, mtundu wa mtengo umene mwasema ndi chaka. Mlendo akakondwera adzafunanso dzina lomwelo.

CHILEMA CHINENEDWE

Ena amaopa kuti akalemba chilema chinthu sichigulidwa. Taganizani bwino. Wogula akapeza yekha mng'alu umene simunaunene, amayamba kukayika zonse zimene mwalemba, zaka ndi mbiri yomwe, ndipo amagwetsa mtengo pakati. Koma akaona kuti mwanena kale, amadziwa kuti mtengowo mwauika mukudziwa chilemacho, ndipo alibenso chonenerera. Ndiponso kapepala kamakutetezani kwa mwini benchi. Ngati munalemba mng'alu umodzi ndipo mtsuko mwaupeza ndi iwiri, zikudziwika kuti wachiwiriwo wabwera uli m'manja mwake.

Musayese kubisa ukalamba wa chinthu pochikwecha. Khobidi lotsukidwa ndi mchenga kapena phulusa limakandika, ndipo osonkhanitsa ndalama zakale salifuna. Mpando wakale wopakidwa penti watsika mtengo. Pukutani fumbi ndi nsalu youma, basi.

KUIKA MTENGO

Musanalembe nambala yendani pa mabenchi atatu kapena anai, muone mitengo ya zinthu zofanana ndi zanu, ndipo mufunse kuti zimene zinagulidwadi zinapita pa ndalama zingati. Musamvere mphekesera zakuti khobidi lakuti kapena simbi yakuti imagula galimoto. Makobidi aja anapangidwa ambiri-mbiri, ndipo ukale pa wokha sukweza mtengo. Chimene chimakweza ndi kusowa kwa chinthu, kusungika kwake ndi mbiri yake yodziwika.

Tsono werengani chobwerera m'mbuyo, kuyambira pa ndalama imene mukufuna kufika nayo kunyumba. Tiyerekeze ndi simbi ija. Mwalemba K30,000, ndipo mwamlola wogulitsa kutsitsa mpaka K27,000 wogula akanenerera. Mwapangana kuti iye atenge gawo limodzi mwa magawo khumi, ndiyo K2,700. Zatsala K24,300. Tichotsepo K2,300 ya ulendo, mwatsala ndi K22,000. Koma mukanalemba K22,000 yomweyo pa kapepala, wogula akananenerera mpaka K20,000, wogulitsa akanatenga K2,000, ulendo K2,300, inu n'kutsala ndi K15,700 yokha. Kusiyana kwake ndi K6,300, pa chinthu chimodzi-modzicho.

Mtengo wotsiriza, umene simufuna kuti apitirire, musaulembe pa kapepala poti wogula aone. Ulembedwe m'buku. Ngati simufuna kunenerera konse, lembani pa kapepala kuti "mtengo wosatsika". Komanso musakweze mopyola muyeso poganiza kuti mlendo ali yense ndi wolemera. Munthu akaona nambala yoopsa sayamba n'komwe kunenerera, amangochoka.

Lembani mtengo m'makwacha, ndi K patsogolo. Samalani 1 ndi 7, ndiponso 0 ndi 6, chifukwa zimasokonezeka. Ziro mmodzi ndiye amasiyanitsa K5,000 ndi K50,000, n'chifukwa chake tikuti mulembenso m'mau. Ndalama imasintha mphamvu: mu November 2023 kwacha inatsitsidwa ndi 44 pa 100 tsiku limodzi. Chotero lembani kuseri kwa kapepala tsiku limene mwasiya chinthucho, ndipo mukapita kukaona katundu yang'anani ngati mtengo ukadali woyenera. Pokweza mtengo lembani kapepala katsopano. Potsitsa, dulani mtengo wakale ndi mzere umodzi, lembani watsopano, nimusaine pambali. Chinthu chikakhala miyezi yambiri osagulidwa, mwina mtengo wakwera, mwina kapepala sikakunena zokwanira.

KAPEPALA KENI-KENIKO

Dulani katoni yoyera, yolimba, yaikulu ngati bokosi la machesi kapena kuposerapo pang'ono. Timapepala tonse tikhale tofanana, kuti wogulitsa azizindikira katundu wanu ndi maso okha. Lembani ndi zilembo zazikulu zosalumikiza. Pensulo yakuda bwino imapirira dzuwa kuposa inki ya bolopeni, imene imafufutika pa benchi ya panja. Nthawi ya mvula bvekani kapepala kapulasitiki.

Boolani pangodya, nimumangirire ndi ulusi wolimba pa chogwirira kapena pa mwendo wa chinthu, pamalo poti wogula awerenge osachinyamula. Musagwiritse nchito waya, chifukwa amakanda ndi kusiya dzimbiri. Musamate ndi guluu kapena selotepi pa thabwa, pa penti, pa buku kapena pa chithunzi, pakuti pochotsa zimasupula. Musalembe pa chinthu cheni-chenicho, ndiponso musakhomepo msomali. Makobidi aikeni m'kaenvulopu, limodzi-limodzi, ndi kulemba pa envulopuyo. Mtsuko wopanda chogwirira uzengeni ulusi m'khosi.

BUKU NDI PANGANO

Kapepala kali ndi mnzake, ndiye buku. Gulani makope awiri a sukulu, limodzi lanu, lina la mwini benchi. M'makope onse awiri lembani nambala ya chinthu, dzina lake, mtengo wa pa kapepala, mtengo wotsiriza, gawo la wogulitsa, ndi tsiku. Nonse awiri musaine pamaso pa mboni. Mupanganenso za chinthu chosweka kapena chobedwa, kuti adzalipira ndani, ndi tsiku lodzatenga ndalama. Nkhanga zinapangana kusanapse. Chinthu chikagulidwa, wogulitsa alembe m'kope nambala yake ndi ndalama imene walandira. Tsiku lowerengera, chiri chonse chimene sichikuoneka pa benchi chioneke m'ndalama.

ZINTHU ZOSAYENERA KAPEPALA KONSE

Tsopano ndilankhule ndi inu mafumu. Ziripo zinthu zimene sizimangidwa kapepala ka mtengo, ngakhale wogula atabwera ndi ndalama zochuluka bwanji.

Zoyamba ndi za kumanda, za ku kachisi, za kudambwe ndi za ufumu. Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005 monga chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, ndipo zojambula za pa miyala za ku Chongoni m'boma la Dedza zinalembedwa m'kaundula wa bungwe lomwelo mu 2006. Zinthu za mtundu umenewu si za munthu mmodzi. Chigoba chosemedwa dala kuti chigulitsidwe kwa alendo ndi malonda, ndipo kapepala kanene motero. Koma chotengedwa kudambwe ndi chakuba.

Zachiwiri ndi zofukulidwa pansi pa mabwinja ndi m'mapanga, monga mapale, mikanda ndi zitsulo za pa ng'anjo. Lamulo la chaka cha 1990 loteteza malo ndi zinthu zamakedzana limaletsa kukumba zinthu zotere, ndi kuzitulutsa kunja kwa dziko, popanda chilolezo cha Boma. Chotero amene ali ndi chinthu chimene akuganiza kuti chapitirira zaka 100 ayambe wafunsa kwa Bwana D.C. kapena ku nyumba yosungiramo zinthu zakale, monga ya ku Chichiri mu Blantyre imene inatsegulidwa mu 1966, kapena za ku Mangochi, ku Mzuzu ndi ku Karonga.

Zachitatu ndi za nyama zotetezedwa: minyanga ya njobvu, nyanga ya chipembere, chikopa cha kambuku ndi mamba a ngaka. Lamulo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo chilango chake chingathe kufika zaka 30 m'ndende. Khoza la mnyanga, ngakhale likhale la agogo a agogo, lisapite pa benchi. Mwini wake akafunse ku ofesi ya zanyama. Mfuti yakale ya gogodera nayonso ndi nkhani ya ku polisi, si ya pa msika.

Zachinai ndi za banja zimene abale sanabvomereze. Kawiri-kawiri mnyamata amanyamula mtsuko wa agogo iwo ali kumunda, ndipo mlandu umadzafika pa bwalo lanu chinthucho chitapita kale kutsidya kwa nyanja. Ndikupemphani mafumu kuti mulengeze pa msonkhano kuti ali yense wofuna kugulitsa chinthu cha makolo ayambe wauza mwini mbumba, kenaka adzachionetse kwa inu kapena kwa nyakwawa, kuti chilembedwe m'buku la mudzi pamodzi ndi mbiri yake. Potero dzina la mudzi wanu likalembedwa pa kapepala lidzakhala umboni wokhulupirika. Ndipo banja liganize kawiri. Chimanga mukagulitsa mudzakololanso chaka cha mawa, koma mtondo wa agogo ndi umodzi wokha.

MAU OTSIRIZA

Tibwereze mwachidule kuti amene ali ndi pensulo alembe. Pa kapepala pakhale chizindikiro chanu ndi nambala, dzina la chinthu, zaka zake, kumene chachokera, chilema chake, ndi mtengo m'manambala ndi m'mau. Kuseri kukhale tsiku. Mangirirani ndi ulusi. Zonsezi zilembedwenso m'makope awiri. Musanatuluke pakhomo mpatseni mwana wa sukulu awerenge timapepala tonse mokweza; pamene iye wakakamira, wogulanso adzakakamira pomwepo, tsono lembaninso. Amene ali ndi mafunso akaonane ndi mlangizi wa m'dera lao.